Mavu mu Kapaipi

Ndagwa ndi ndege maulendo makumi anayi ndi limodzi
m'chipinda cha lendi kuno ku Chilomoni.
Kawiri ndinagunda Michiru,
kamodzi ndinalowa m'chimanga cha eni ake ku Lunzu,
ndipo nthawi zonse ndinkadzuka pa mpando wa pulasitiki
n'kupeza tiyi wanga asanazizire n'komwe.

Kompyuta ndi ya kaunjika, ndinagula ku Limbe.
Chiwongolero chake ndinachimanga ndi mphira wa njinga.
Ndikayatsa, Chileka amatuluka pagalasi
ali see ngati mbale yotsuka,
wopanda fumbi la Okutobala,
wopanda ngakhale mwana mmodzi wokweza dzanja kumpanda.

Loweruka lina a Likoswe, eni nyumba,
anabwera kudzatenga ya lendi
n'kuima pakhomo nthawi yaitali.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anaulutsa tindege
topopera mankhwala m'minda ya nzimbe kuchigwa.
Lero maso anachita khungu, amaweta nkhunda.
Anati: kwera, ndikuone.

Ndinakwera monyada.
Ndirande uyo, Soche uyo, timivi tonse tikumvera ine.
Iwo anang'amba kona ya lisiti,
n'kunyambita, n'kumata pagalasi
pamene pali wotchi yonena liwiro.
Anang'ambanso, n'kuphimba ija yonena
ngati mapiko ali chilili kapena apendekeka.
Anati: uluka tsono.

Ndinaseka. Ndinati pali batani loyambiranso.
Sanaseke.

Anati: chaka china, Julaye, ndikuchokera ku Nchalo,
chiperoni chinatsika ngati bulangeti lonyowa.
Mavu anali atamanga dothi mu kapaipi ka pansi pa phiko,
kapaipi kochepa ngati bango,
komwe kamamwa mphepo n'kuuza wotchi liwiro.
Kamuvi kanayamba kunama mwaulemu.
Ndikakwera, kakuti ndathamanga.
Ndikatsika, kakuti ndaima.
Kunja mkaka wokhawokha, kumwamba ndi pansi zofanana.

Ndiye thupi nalo linalowa m'bodza.
Khutu likulumbira kuti tili bwino,
matako akuti takhotera kumanzere,
mimba yakwera kudzakhala pakhosi.
Iwe mpando wako sunakunamizepo, mwana wanga,
chifukwa sunasunthepo.

Ndinafunsa: nanga munatani?
Anati: ndinasiya kukhulupirira Likoswe.
Ndinafunsa mawotchi otsalawo mmodzimmodzi
monga mboni pa mlandu wa malire,
kampasi, wa kutalika, kulira kwa injini,
mpaka atatu anagwirizana chimodzi.
Malaya ndinachita kufinya pofika ku Chileka,
ndipo miyendo inakana kutsika mphindi khumi.

Ali chilankhulire, magetsi anathima.
Phethi!
Ndege yanga, Soche, thambo lonse
zinalowa m'kadontho n'kuzimirira.
Panja ana anakuwa monga amachitira,
wina anayamba kukupiza mbaula.

Tinakhala mumdima.
Ndinamva dzanja lawo likufufuza chiwongolero changa,
zala zikugwira mphira uja pang'onopang'ono
ngati wogwira dzanja la wodwala.
Anati: komabe usasiye.
Diso limaphunzira pano,
kuyenda pa mawotchi osakakamira imodzi.
Ine ndikanakhala nako kachinthu aka,
bwenzi ndili ndi imvi zochepa.
Mantha okha ndiwo sagulitsa ku Limbe.

Ndalama ya lendi anaiwala pa tebulo.
Ndinakawapatsa m'mawa, ali pakhola,
akuyang'ana nkhunda imodzi ikutera mopingasa mphepo.

Timapepala tija sindinamatule.
Tauma, tapindika m'mbali.
Usiku uliwonse ndimanyamuka ku Chileka
ndili ndi maso awiri otsekedwa ndi lisiti,
ndimaitana chifunga ndekha,
ndimafunsa mboni zotsala.
Dzulo ndinatera, tayala limodzi pa udzu,
ndipo nditatola kapu
ndinapeza tiyi atazizira.